Magetsi atazima ndinalowetsa dzanja m'makina a buledi, zala ziwiri zinatsala momwemo

Anthu ambiri akandipatsa moni wa pamanja amadzidzimuka kaye kenako amayang'ana kumbali ngati sanaone kanthu, olimba mtima nde amafunsa kuti achimwene chinachitika nchani, ng'ona? Ine ndimangoseka nkumati ayi, buledi. Nde lero ndati ndingolemba nkhani yonse kamodzi makamaka chifukwa cha inu anyamata ndi atsikana amene mukugwira ntchito m'mabekale, m'zigayo, m'mafakitale a chiponde, a mafuta ophikira kaya a zakumwa, kaya muli ku Makata, ku Chirimba, ku Kanengo olo ku Luwinga, chifukwa makinawa amangosiyana maina koma kadyedwe kake ka zala nkamodzi.

Ndinayamba ntchito pa bekale ina ku Limbe mu 2019, dzina lake sinditchula. Poyamba ndinali waganyu chabe, kutsitsa matumba a fulawa a 50 kg mu lole, kupaka mafuta m'matini, kukolopa. Patatha chaka ndi miyezi a fomani anaona kuti ndine wachangu nde anandiika pa makina opsinja mtanda, ife timangoti pa rola. Kwa amene simunawaonepo, ndi zitsulo ziwiri zazitali zobulungira ngati misi iwiri yogonekedwa, zimazungulira moyang'anizana, ukaponya mtanda pamwamba zimaukoka nkuutulutsa pansi uli wophwathalala, umaubweza kangapo mpaka usalale bwino kenako upite kodula. Maphunziro anga onse a makina amenewa sanakwane mphindi teni. Anangondiuza kuti swichi ndi iyi, chogudumuza chokulitsira mpata wa ma rola ndi ichi, ponya mtanda apa, usagone. Basi. Ine ndinasangalala zedi chifukwa malipiro anakwerako pang'ono, mayi akunyumba anagula nkhuku tsiku limenelo.

Makinawo pobwera anali ndi gadi, kachitsulo ka mawaya kotchinga pamwamba kuti dzanja lisafike pomwe ma rola amakumana. Ine ndinapeza gadiyo atamumasula kalekale, anali atatsamira kukhoma kuseri kwa ovuni ndipo anthu ankayanikapo matawulo. Nditafunsa anandiuza kuti amachedwetsa ntchito, mtanda waukulu umakodwa. Ndipo zoona amachedwetsadi, sindinganame, ndipo ineyo ndikanapatsidwa mwayi osankha nthawi imeneyo ndikanati mchotseni, chifukwa pa naiti timakhala ndi nambala ya buledi yoti ituluke ma vani asanafike cha m'ma 4 koloko, mukalephera onse mumakalipiridwa limodzi ndipo amene wachedwetsa amadziwika.

Mukukumbukira 2022 mmene zinalili ndi magetsi namondwe Ana ataononga ku Kapichira mu Januwale muja. Kuzima kunali kwa tsiku ndi tsiku, maola ambirimbiri, ife tinazolowera moti magetsi akathima palibenso amene ankadandaula, aliyense ankangotulutsa foni nkuyatsa tochi. Pa bekale panali jenereta yaikulu kuseri koma siinkayaka yokha, ankapita kukayatsa ndi munthu, nthawi zina pompopompo nthawi zina pakadutsa mphindi 20 akusakasaka kiyi olo dizilo.

Usiku wake unali wa mu Juni, chiperoni chili ngwee, nthawi itangodutsa 2 koloko. Ndinali nditaponya mtanda, uli pakati penipeni pa ma rola magetsi thi. Makina anaima. Tinadikira pang'ono, kenako a fomani anakuwa mumdimamo kuti anyamata tisangoima, aliyense akonze pamalo pake kuti magetsi akabwera tingopitiriza. Mtanda ukakhalitsa pa chitsulo umauma nkumamatira nde ine ndinaluma foni pakamwa kuti iziwalitsa, dzanja lamanzere ndagwira m'mbali mwa makina, lamanja ndikukokera mtanda uja m'mwamba ndikupala ndi zala zomwe zinakanirira pakati paja. Ndinali nditachitapo zimenezi mwina ka 50 osachitika kanthu.

Swichi sindinaigwire. Apa mpamene pagona nkhani yonse abale anga. M'mutu mwanga makina anali ozima chifukwa sankazungulira, phokoso kunalibe, koma swichi inali ikadali pa ON mmene ndinaisiyira. Inali swichi yachikale ija yongopotokola, yoti mphamvu ikangobwera mu waya makina amapitiriza pomwe analekezera osafunsa munthu. Amene anapita kukayatsa jenereta sankadziwa kuti kuli dzanja la munthu mkati, iye ali kuseri kwa nyumba, ndipo sindimuimba mlandu mpaka lero, anagwira ntchito imene anatumidwa.

Chimene ndimakumbukira ndi kuwala kwa mababu ndi kukokedwa, zonse nthawi imodzi. Ululu sunabwere pompo. Ndinangomva ngati munthu wamphamvu wandigwira dzanja nkundikokera pansi, kenako kaphokoso kangati ukuthyola nzimbe, foni inagwera mu mtanda. Mnzanga wa pa sikelo ndi amene analumpha nkupotokola swichi, Mulungu amudalitse kulikonse komwe ali, akanachedwa ndi masekondi awiri bwenzi tikunena za mkono onse. Koma makina ataima dzanja linali likadali mkati, ndipo apa panachitikanso china chimene ndimafuna muchimve bwino. Palibe aliyense mu shifiti yonse amene ankadziwa kuti munthu akapanidwa umamutulutsa bwanji. Wina ankandikoka m'chiuno, wina akuti yatsaninso abwerere m'mbuyo pomwe makinawo analibe rivesi, mnyamata wina anathamangira chogudumuza chija koma chifukwa cha mantha anayamba kupotokolera kolakwika, ma rola nkumapanikizanso. Kukuwa kumene ndinakuwa apo akuti kunamveka mpaka kumsewu. Mpaka anabwera bambo ena achikulire a pa ovuni, anamukankha mnyamatayo nkutsegula mpata bwinobwino.

Chala chamkombaphala ndi chapakati zinali zitaphwanyika kuyambira pa mfundo yapakati kupita kunsonga. Chachinayi chinathyoka koma chinapulumuka. Bokosi la first aid linalipo, lokhoma, kiyi ali ndi a mu ofesi amene amabwera 8 koloko mmawa. Anandikulunga ndi tawulo lomwe lija la pa gadi, wina akuti thirani mchere wina akuti sipiriti, bambo achikulire aja anakaniza zonsezo nkungoti finyani pabalapo ndipo dzanja likhale m'mwamba kuposa mtima. Adokotala anadzandiuza kuti bambowo anachita bwino. Anandiuzanso kuti chala chikaduka nkugwa osachitaya ayi, osachiviika m'madzi komanso osachigoneka pa ayisi mwachindunji, umachikulunga ndi kansalu koyera konyowa pang'ono, kuchiika mu jumbo yomanga bwino, jumboyo nde nkuiika m'madzi a ayisi nkuthamanga nacho limodzi ndi mwini wake. Zanga sizikanatheka kulumikiza chifukwa zinachita kuphwanyika osati kudulidwa, koma mwina wina zidzamuthandiza.

Anandinyamula pa vani ya buledi kupita ku Queens, ndinakhala pakati pa makireti opanda kanthu, fungo la buledi limene lija mpaka pano likandipeza ndili ndi njala limandichititsa nseru pang'ono. Anandibaya jakisoni wa kafumbata ndi wa ululu, kujambula, kenako ku thiyeta. Podzuka ndinapeza dzanja lili chibandeji chachikulu ndipo mayi akunyumba ali pambali maso ali psuu, mwana ali kumsana. Sanalankhule kanthu, anangondifunsa ngati ndingamwe phala.

Tsopano gawo lachiwiri la nkhaniyi ndi limene anthu ambiri amaluza, ine ndinatsala pang'ono.

Tsiku lachitatu ndili m'chipatala kunabwera a mu ofesi ndi jumbo ya zipatso, Sobo ndi buledi awiri (buledi abale, kkkk). Anandipepesa bwino kwambiri, kenako anatulutsa envulopu ya K150,000 ndi pepala lachizungu loti ndisaine, akuti ndi longosonyeza kuti ndalandira thandizo. Ine dzanja lolembera linali lomangidwa nde anati palibe vuto mudinda ndi chala chamanzere, inki tabwera nayo. Kubwera ndi inki kumeneko nkumene kunandidabwitsa. Mwamwayi malume anga analipo, anagwirapo ntchito ku esiteti ya tiyi ku Thyolo zaka zambiri ndipo zinthu izi anaziona, anatenga pepalalo nkuliwerenga pang'onopang'ono ndi magalasi awo othyoka mwendo umodzi, kenako anati bwana pepani mwanayu akadali ndi mankhwala m'mutu, adzasaina akachira. Atatuluka anthuwo malume anandiuza kuti mphwanga, pepalali likunena kuti ngoziyi yachitika chifukwa cha kusasamala kwako ndipo sudzafunsanso kanthu. Ndalamayo ndinkaifuna kwambiri, lendi inali itakwana, koma sindinadinde.

Chinanso chimene chinandipulumutsa ndi mnzanga wa pa sikelo uja. Usiku omwewo ine atanditenga iye anajambula makinawo ndi foni yake, magazi ali pomwepo, gadi palibe, gadiyo akuoneka uko kukhoma. Pofika mmawa akuti makina anali atatsukidwa ndipo gadi atamangidwa bwinobwino ndi mabawuti atsopano ngati wakhalapo chiyambire. Zithunzizo anazitumiza pa WhatsApp ya akazi anga nthawi yomweyo, tsiku ndi nthawi zikuoneka. Sindinamutume, anangoganiza yekha.

Nditatuluka m'chipatala malume anandiperekeza ku leba, ku ofesi ya zantchito ya boma. Ine ndinkaganiza kuti poti ndinalibe kontilakiti yolembedwa nde kuti palibe changa, koma anandifotokozera kuti kuno ku Malawi kuli lamulo la chipukuta misozi cha anthu ovulala pantchito, Workers' Compensation Act la 2000, ndipo limati olemba ntchito ndi amene ali ndi udindo olipira munthu akavulala akugwira ntchito yawo, kuphatikizapo ndalama za kuchipatala, komanso akuyenera kukanena za ngoziyo ku leba. Kulinso lina la 1997, Occupational Safety, Health and Welfare Act, limene limanena za chitetezo pamalo a ntchito, zotchinga makina oopsa, bokosi la first aid ndi zina zotero. Zaka zitatu ndikugwira ntchito pa bekale sindinamvepo olo dzina la malamulo amenewa, ndinawamva zala zitapita kale.

Kawerengedwe kake mmene anandifotokozera nthawi imeneyo nkotere. Dokotala amakuyeza bala likapola nkulemba kuti walumala ndi mapelesenti angati. Munthu amene walumaliratu osathanso kugwira ntchito ina iliyonse amawerengera malipiro ake a pamwezi kuchulukitsa ka 54, nde iwe wa zala umalandira gawo la ndalama imeneyo molingana ndi mapelesenti ako. Mwachitsanzo ngati umalandira K80,000 pamwezi, ka 54 ndi K4,320,000, dokotala akalemba 10 pelesenti nde kuti yako ndi K432,000. Mukuona nokha kuti zonse zagona pa nambala ziwiri, malipiro ako ndi mapelesenti a dokotala. Ine pa malipiro mpamene ndinavutika chifukwa tinkalandirira m'manja, kusaina m'buku lawo lomwe limakhala kwa iwo omwewo, ndipo pa fomu analemba ndalama yochepa kuposa imene ndinkalandira. Chinandithandiza ndi buku la banki mkhonde la akazi anga ndi ma meseji a Airtel Money a miyezi ingapo imene anatilipira pafoni. Nde ngati mumalandira pelipi, kapepala kosonyeza malipiro anu, sungani, olo kungojambula tsamba la buku limene mwasainalo mwezi ndi mwezi, sizitenga mphindi.

Musaganize kuti zinayenda msanga. Ndinayenda maulendo osawerengeka kuchoka ku Bangwe, fomu iyi ikasainidwe ku chipatala, iyi ibwerere kwa olemba ntchito, olemba ntchito akuti bwana ali kunja mubwere sabata ya mawa, mpaka nsapato inatha. Panadutsa miyezi yoposa teni kuti ndalama ituluke, ndipo ngakhale inaposa kutali ya mu envulopu ija, pofika nthawiyo theka linali la ngongole kale, katapila ameneyo. Anthu ena anandilangiza kuti ndikanatha kukasuma ku khoti pa nkhani ya gadi uja ndipo amene alibe ndalama ya loya amatha kupita ku Legal Aid Bureau, ine ndinali nditatopa nde sindinapite, nthawi zina ndimadandaula. Ngati zakuchitikirani funsani za njira zonse ziwiri musanasaine chilichonse, ndipo musachedwe kukanena, nkhani zimenezi zili ndi nthawi yake ikadutsa mumavutika. Safunsa anadya phula.

Za kuchira sindinena zambiri. Mafizo ndi owawa koma pitani, chala changa chachinayi chinayamba kuuma ngati chikuni chifukwa ndinajomba masabata atatu ndikuti transipoti yavuta, anachita kuchipinda mokakamiza ndikulira ngati mwana. Chimene sanandiuze aliyense ndi tinthu ting'onoting'ono. Kutema nsima. Munthu wamkulu kumalephera kuumba mbamu, kumadya ndi lamanzere pamaliro anthu nkumakuyang'ana ngati wopanda mwambo. Kumanga mabatani a shati, kuwerenga ndalama, kugwira khasu ndikapita kumudzi. Kukazizira nsonga za zala zimene kulibezo zimayabwa, umafuna kukanda koma palibe pokanda, poyamba ndinkaona ngati ndayamba misala mpaka adokotala anati zimachitika kwa ambiri oduka ziwalo. Ku banki tsiku lina kamtsikana kanandiuza kuti ikani chala chamkombaphala pa makinapo, ndinangokweza dzanja, kanapepesa mpaka ine ndi amene ndinayamba kukatonthoza.

Ntchito ija sindinabwerereko. Anati andiika pa geti, ine mtima sunalole kumadutsa pafupi ndi rola uja tsiku ndi tsiku. Pano ndili pa bekale ina yaing'ono, ndimayang'anira shifiti, ndipo pali zinthu zimene ndimaumirira olo anyamata azinditcha ovuta.

Magetsi akazima chinthu choyamba aliyense amazimitsa makina ake, tisanayatse ndi tochi yomwe. Munthu akafuna kulowetsa dzanja mu mikisa, mu rola olo mu silayisa, kaya kutsuka kaya kuchotsa chokodwa, timazimitsa pa swichi yaikulu ya kukhoma nkukhomapo loko, kiyi amakhala m'thumba mwa mwini dzanjayo osati mwa fomani, osati pa msomali. Akatero amadinanso batani loyatsira kuti aone ngati makinawo afadi, chifukwa zinachitikapo kuti munthu wakhoma swichi ya makina ena. Kumaiko ena amati lockout, ife timangoti loko wako kiyi wako. Loko wanga ndinagula ndekha mu msika wa Limbe, mtengo wake sunafike olo wa buledi faifi. Oyatsa jenereta amayamba walowa mkati nkukuwa kuti tikuyatsa, ndipo amadikira aliyense ayankhe ndi pakamwa pake.

Ndinakakamiranso eni ake mpaka anaitana amagetsi kudzasintha maswichi opotokola aja nkuika a mabatani awiri, obiriwira ndi ofiira. Amenewa mphamvu ikachoka amadzimasula okha mkati, magetsi akabwera makina sayaka mpaka munthu adine obiriwira. Kanthu kakang'ono, bambo amagetsiwo anamaliza makina atatu tsiku limodzi lisanathe, ine nditaima pambali ndikuyang'ana dzanja langa. Mukapita ku ntchito mawa yesani kufunsa kuti makina anu ndi a mtundu uti, ngati simukudziwa dikirani tsiku limene magetsi azime muone ngati adzuke okha akabwera, manja ali kutali.

Magolovesi pa rola ayi. Izi zimadabwitsa anthu chifukwa timaganiza kuti golovesi ndi chitetezo, pa ovuni inde, koma pa chinthu chozungulira golovesi ikakodwa imakoka dzanja lonse ndipo sungalisolole. Chimodzimodzi mphete, zibangili, malaya a manja aatali olendewera, juzi ya nthawi yozizira, zingwe za epuloni, ndipo kwa azimayi mpango olo mesh yolendewera pafupi ndi lamba wa chigayo. Popala mtanda pali kopalira ka pulasitiki ka chogwirira chachitali, zala si chida. Ndipo wina aliyense watsopano tsiku loyamba ndimamuonetsa pozimitsira mwachangu ndi mbali yopotokolera chogudumuza kuti ma rola atseguke, ndinajambulapo muvi ndi penti yofiira, ndimamuuza apotokole katatu ine ndikuona.

Ndikudziwa kuti ena mukuwerenga mukuti achimwene mukunena zoona koma ukakana kulowetsa dzanja mawa upeza wina ali pamalo pako, pageti pali anthu 30 akudikira ganyu. Ndikudziwa, ndinali pomwepo, sindingakuuzeni kuti muzikangana ndi mabwana ana anu agone ndi njala. Koma kupotokola swichi sikufuna chilolezo cha munthu, ndi sekondi imodzi. Ndipo za gadi musakanene nokha, kanenani anthu folo olo faifi limodzi, ngati pali yuniyoni idutseni kumeneko, munthu mmodzi amachotsedwa mosavuta kusiyana ndi shifiti yonse. A ku leba alinso ndi anthu oyendera malo a ntchito, mutha kukawatsina khutu.

Sabata yatha magetsi anazimanso cha m'ma 3 usiku, ndikuyenda ndi tochi ndinapeza kamnyamata katsopano, ka zaka mwina 19, katapinda kale shati kakufuna kuchotsa mtanda mu mikisa, loko ali lende pa lamba wake osakhoma. Sindinakalipe. Ndinangowalitsa tochi pa dzanja langa lamanja nkuliika pafupi ndi lake pamphepete pa mbiya ya mikisayo, tinakhala choncho kanthawi osalankhula. Kenako kanapita kukhoma kukakhoma, kanabwera nkundionetsa kiyi, nde nkundifunsa kuti koma bigi, zinkawawa? Ndisanayankhe jenereta inalira kuseri.